Mphete Imodzi pa Tcheni cha Abambo

3 Juni

Amake Kanyerere,

Muli bwanji kumeneko? Mwanayo chifuwa chija chinamusiya? Nanga abambo, msana ukuwalola kudzuka? Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu chatikwana, m'mawa zala zimachita kukana kugwira sipanala.

Ganyu ya matumba ija ndasiya. Ndalowa ntchito pa shedi yokonza mabuloko a tcheni. Musaseke, ndi omwe aja, onga ya abambo imene amatsitsira maringi a simenti m'zitsime. Kunyumba timaiona ngati chinthu chosowa, koma kuno apachikidwa mzere wonse kudenga, ena a tani imodzi, ena oti anganyamule lole ndi dalaivala wake yemwe.

Amene akundiphunzitsa ndi mdala wina, onse amangoti a Makutu. Buloko ikabwera saitsegula msanga. Amaipachika, n'kukoka katcheni ka m'manja, mutu atapendeketsa. Ikamalira kuti ke-ke-ke bwinobwino amagwedeza mutu. Ikangokhala zii amati, "Iyi ipha munthu, tsitsa."

Inu mukudziwa, kuyambira ndili mwana ndinkafuna kudziwa kuti chimagwira katundu n'chiyani munthu akasiya kukoka. Abambo ankati ndikadzangoyandikira buloko yawo ndi sipanala adzandidula dzanja. Lolemba ndatsegula yanga yoyamba. Amake mwana, mulibe matsenga! Muli kagudumu ka mano, ndi kachitsulo konga chala kamene kamagwa pa dzino lililonse, ndiko kamalira ke-ke-ke kaja. Mbali ndi mbali muli timbale tiwiri topyapyala, ndiye buleki yake. Chandizunguza mutu n'chakuti katundu yemweyo ndi amene amafinya timbaleto. Akalemera kwambiri, buleki imagwiranso kwambiri. Amene anaganiza zimenezi ankadya chiyani?

Ndinatenga girisi kuti ndipake ponseponse, a Makutu anandimenya pa dzanja ndi chiguduli. Akuti girisi ndi wa magiya, tcheni chimafuna oyilo, koma timbale ta buleki tizikhala touma gwaa. Muwauze abambo zimenezi, koma mosamala, asaone ngati mwana akuwaphunzitsa.

Kalatayi ndapatsira a Mawamawa, adalaivala a lole aja, pamodzi ndi juzi ya mwana. Malata a khitchini muwatsindike ndi miyala mphepo isanayambe. Mbuzi yaikazi musagulitse.

Komanso mundifunsireko, mongocheza, ngati abambo ayamba kale kugwiritsa ntchito buloko yawo chaka chino.

Ndine wanu,
Bambo ake a Kanyerere

24 Juni

Amake Kanyerere,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndasangalala kumva kuti nonse muli bwino. Zoti juzi ikufika m'mawondo musadandaule, akula nayo. Ine ndili bwino.

Abambo mwati anangoyankha kuti, "Girisi ndinaudziwa iye asanabadwe." Eya, ndi abambo amenewo.

Masabata awiriwa andiika pa matcheni. Ndimati ndi ntchito ya aulesi, kodi ndimadziwa? Tcheni chimayamba chasambitsidwa m'palafini mpaka chiyere. Kenako umakhala pa benchi n'kumadutsitsa mphete imodziimodzi m'zala, ukuitembenuza, ukusuzumira pamene yakumana ndi inzake, chifukwa ndi pamene chimadyeka. Ukatha umayeza mphete khumi ndi imodzi ndi chopimira chachitsulo. Zikatalika kuposa mmene zinabadwira, ngakhale pang'ono chabe, tcheni chatopa. Mbedza nayo timaiyeza kukamwa. Ikayasamula, sitiibweza ndi hamala, timataya.

Lachinayi kunabwera mwini garaja wina, wamimba yake, ndi buloko yoti tingomuthirira oyilo. A Makutu akudutsitsa tcheni m'zala, mwadzidzidzi anaima. Anapala mphete imodzi ndi mpeni, n'kufunsa, "Anawotcherera apa ndani?"

Mkulu uja akuti, "Inang'aluka pang'ono, mnyamata wanga anaikonza. Yagwira chaka chonse."

A Makutu anatenga galayinda n'kudula tcheni chonse zidutswazidutswa, mwini wake akuonerera, akukuwa kuti akatisumira. Atatha anamuuza kuti, "Kasumeni. Bola mukandisumire muli ndi miyendo yonse."

Pa nthawi yopuma ndinawafunsa kuti kodi kuwotcherera kuli ndi vuto lanji, popeza mphete iliyonse ili kale ndi msoko wake wa kufakitale. Anati tcheni chonyamulira katundu amachita kuchiphika ndi kuchiziziritsa mwa muyezo wake, kuti chikhale cholimba koma chosauma mtima. Moto wa wowotcherera umafafaniza zonsezo. Kunja mphete imaoneka yonenepa bwino, m'kati yasanduka chinthu china.

Tsiku limenelo chakudya sichinalowe. Mwina ndi madzi a kuno.

Mwalemba kuti abambo apatsidwa chitsime cha pa sukulu. Ayamba liti? Maringi ndi angati? Ndipo potsitsa, akumatsikabe okha pansi kukalandira ringi ngati kale, kapena apeza wina? Mundiyankhe zonse zitatu.

Ndine wanu,
Bambo ake a Kanyerere

15 Julayi

Amake Kanyerere,

Moni nonse. Ndikhulupirira muli bwino. Ine thupi lili bwino.

Ndamva. Ayamba pakati pa Ogasiti, maringi khumi ndi anayi, ndipo pansi atsika okha chifukwa akuti achinyamata amakhazika ringi mopendama.

Kuseri kwa shedi yathu kuli makina oyesera. Amakoka tcheni pang'onopang'ono, singano ya sikelo ikusonyeza kulemera. Ndinapempha a Makutu kuti tiyese mphete zowotcherera, ndione ndi maso anga. Anati, "Safunsa anadya phula. Katenge zidutswa."

Tinayamba ndi tcheni chabwino cha tani imodzi. Singano inadutsa tani, inadutsa awiri, atatu. Kenako mphete zinayamba kutalika, kuwonda, kulumana mpaka tcheni chinauma ngati ndodo. Chinaduka ndithu, koma chitatichenjeza kalekale.

Ndiye tinadula mphete zitatu, n'kuziwotcherera bwinobwino, kuposa mmene angachitire wa pamsika. Yoyamba inafika tani ndi theka. Ndinayamba kupuma bwino. Yachiwiri inangodutsa tani. Yachitatu, singano isanafike n'komwe theka la tani, phwaa! Osatalika, osalira, osachenjeza. Chidutswa chinakaboola lata kudenga. Ndinafunsa kuti nanga munthu angadziwe bwanji kuti yake ndi iti mwa zitatuzi. A Makutu anati, "Amadziwa ndi amasiye."

Ringi imodzi ya abambo imalemera pafupifupi theka la tani.

Tsopano mvetserani, ndipo gawo ili musawawerengere abambo. Akapita kumsika Loweruka, lowani m'kachipinda ka zida. Pa buloko pali matcheni awiri. Kakang'ono ka m'manja kasiyeni. Chachikulu, cha mbedza, mbali ina chamangidwa pa thupi la buloko ndi bawuti imodzi. Masulani bawutiyo ndi sipanala yaing'ono ili pa msomali, kenako kokani katcheni ka m'manja ngati mukukweza katundu, chachikulucho chizituluka chokha mpaka chigwe. Mukachibise koti asachipeze.

Musanabise, gonekani mphete zitatu pa pepala, muzilembereze ndi pensulo m'mbali mwake, kunja ndi m'kati, munditumizire. Ndikufuna ndigule chatsopano chofanana nacho.

Musandifunse chifukwa. Ndidzakuuzani tikadzaonana. Ndikudziwa ndikukusenzetsani katundu, koma inu ndi abambo mumamvana, sangakuganizireni.

Ndine wanu,
Bambo ake a Kanyerere

5 Ogasiti

Amake Kanyerere,

Ndathokoza kumva kuti muli bwino, ndiponso kuti dzino la mwana latuluka. Ine ndilipo.

Pepala lija lafika. Koma ndiye muli ndi dzanja! A Makutu ataliona anati mkazi ameneyu akanakhala kuno akanandilanda ntchito. Anaika chopimira pa chojambula chanu n'kupeza muyezo nthawi yomweyo.

Vuto ndi ili. Buloko ya abambo ndi yakale kwambiri, ndipo tcheni cha muyezo umenewo sichipezeka wamba. Ine ndimati tcheni ndi tcheni, bola kunenepa kufanane. Ayi ndithu. M'kati mwa buloko muli gudumu lokhala ndi timaenje, mphete iliyonse imagona m'kadzenje kake podutsa, ina chogona, ina choimirira. Mphete ikatalika kapena kufupika ngakhale ngati chikhadabo, sikhala m'kadzenjemo, imakwera pamwamba n'kulumpha. Ndayesa matcheni anayi pa gudumu lakale longa la abambo, onse akulumpha. A Makutu alembera mnzawo wa kudoko, akuti mwina kumapeto kwa mwezi.

Mwati abambo agubuduza nyumba yonse, akalipira aneba, ndipo apita kawiri kwa ogula zitsulo zakutha. Mwatinso sakudya bwino. Apsa mtima masiku angapo, kenako aziziritsa, ndimawadziwa. A sukulu angadikire milungu iwiri, ana akhala akumwa madzi a kutali zaka zonsezi.

Funso lanu loti chifukwa chake n'chiyani ndaliona. Mwalilemba katatu, kachitatu mwachita kudinda pensulo mpaka kuboola pepala. Amake mwana, si nkhani ya mkazi wina, si ngongole, si za kwa asing'anga. Ndi kanthu kakang'ono kamene kanachitika ndisananyamuke. Pirirani pang'ono. Tcheni chatsopano chikafika mudzangochiika pa khomo m'mawa, nkhani idzathera pomwepo, palibe amene adzachite manyazi.

Nsapato zanu ndaziona pa sitolo ina, zofiirira, koma ndikukayika saizi. Mujambulenso phazi pa pepala, poti luso lilipo.

Ndine wanu,
Bambo ake a Kanyerere

2 Seputembala

Amake Kanyerere,

Sindikudziwa ngati ndili ndi ufulu wofunsa kuti muli bwanji. Ine sindili bwino.

A Mawamawa afika lero m'mawa chimanjamanja, opanda kalata yanu. Ndinawakakamiza mpaka anandiuza. Akuti abambo anachipeza tcheni pansi pa thumba la chimanga kuchipinda kwanu. Akuti anachikokera pabwalo, anthu akuona, n'kukutchulani wakuba, kuti mumafuna kukagulitsa kwa a zitsulo zakutha. Akuti anakufunsani kanayi chifukwa chake, inu osayankha, chifukwa ine ndinati musanene kuti ndakutumani. Ndipo mwatenga mwana, muli kwa amayi anu sabata yachitatu tsopano.

Akutinso abambo abwezeretsa tcheni pa buloko, ndipo ntchito ya pa sukulu yayamba.

Ndinakhala pansi pa shedi pomwepo. A Makutu anandikokera kuseri, ndinawauza zonse. Mdala uja sanandinyengerere. Anati, "Iwe, miyezi itatu wakhala ukundifunsa mafunso ngati mwana wasukulu, ine n'kumati ndapeza wokonda ntchito. Kani umafufuza mlandu wako? Wabisa matenda, ukudikira maliro akuululire?"

Ndalemba kalata ina, ya abambo. Popeza amene mumawawerengera ndinu, ndapempha a Mawamawa kuti akawawerengere okha, mokweza, kulikonse kumene akawapeze, kaya pali anthu. Lole ikubwerera lero masana. Ndawagwadira kuti ulendo uno dzina lawo alisiye kuno.

Akatha kumeneko abweretsa kalatayo kwa inu, kuti muwerenge nokha zimene ndinakubisirani. Mawu opepesa sindilemba pano, pa pepala ndi opepuka kwambiri.

Bambo ake a Kanyerere

2 Seputembala

Abambo,

Ndine mwana wanu. Ngati kalatayi yakupezani muli m'chitsime, tulukani kaye, ndapota nanu. Ringi ikhale pansi, wina asakhudze buloko.

Mpongozi wanu si wakuba. Anachotsa tcheni chifukwa ndinamutuma ine, ndipo sindinamuuze chifukwa chake.

Mu Disembala, mutapita ku maliro a malume, ndinatenga buloko yanu kukazulira chitsa cha mango kuseri kwa khola. Ndinazunguliza tcheni pa chitsa, chinapanikizika pa mwala, ine n'kumakokabe. Chitsa chinazuka, koma mphete imodzi inang'aluka mbali imodzi. Ndinaopa. Ndinapita nacho kwa wowotcherera mafelemu a zitseko pamsika, anatseka mng'aluwo, ine n'kupala ndi tupa mpaka kusalala. Kenako ndinapaka tcheni chonse oyilo wakuda kuti pasaoneke. Munanditamanda kuti ndasamala chida chanu, ine ndinavomera.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti ndakonza. Kuno ndaphunzira kuti ndinatchera msampha, ndipo ndinautchera pamutu panu. Ndakhala ndikudziwa kuyambira Juni. Ndinaopa pakamwa panu kuposa imfa yanu, ndipo manyazi anga ndinasenzetsa mkazi wanga.

Musakhulupirire mawu anga okha. Yambani pa mbedza, muwerenge mphete makumi atatu ndi imodzi. Ipukuteni ndi palafini, muipale ndi mpeni. Zinzake zili ndi msoko umodzi, imeneyo ili ndi iwiri. Ili kufupi ndi mbedza, choncho ringi iliyonse imene mwatsitsa yalendewera pa iyo.

Mwina munena kuti yagwira mpaka lero. Abambo, ndaziona zikuduka. Sizichenjeza.

Musaidule n'kulumikiza ndi waya kapena bawuti, musapitenso nayo kwa wowotcherera. Tcheni chonsecho chatha ntchito. Chatsopano chikubwera. A sukulu muwauze kuti wachedwetsa ntchito ndi ine.

Ndikalipireni mmene mungafunire, ndi pamaso pa anthu pomwe. Koma amake Kanyerere alibe mlandu.

Mwana wanu

27 Seputembala

Amake Kanyerere,

Moni. Ndamva kuti inu ndi mwana muli bwino, amayinso ali bwino. Mundiperekere moni, ngati angaulandire.

A Mawamawa andifotokozera zonse, ndipo nkhaniyi aikamba pa shedi kasanu, ulendo uliwonse ikukula. Koma pakati pake ndi apa. Anafika pa sukulu dzuwa lili pamutu, ringi yachisanu ndi chimodzi ili lende pakamwa pa chitsime, abambo ali pansi akukuwa kuti tsitsani. Anawauza kuti atuluke, abambo anakana, akuti kalata ilibe miyendo, idikire. Ndiye a Mawamawa anagona chafufumimba m'mphepete n'kuyamba kuwerengera m'chitsimemo, aphunzitsi ndi amayi otunga madzi akumva. Akuti atafika pa chitsa cha mango, pansi panangoti zii. Kenako chingwe cha makwerero chinayamba kugwedezeka.

Akuti abambo anawerenga mphete okha, kawiri. Anaipala. Anaigoneka pa mwala n'kuimenya kamodzi ndi hamala, osati mwamphamvu, ndipo inagawanika. Anakhala pa mulu wa dothi mpaka ana anaweruka. Atadzuka anapita kunyumba, anasamba, anavala jekete ya kutchalitchi, n'kuyenda wapansi mpaka kwanu. Zoti anavula chipewa pamaso panu, pabwalo, anthu akuona, sindinazikhulupirire mpaka nditawerenga kalata yanu. Ine chibadwire sindinawaonepo akupepesa munthu.

Zidutswa ziwiri za mphete zija anapatsira a Mawamawa, atazikulunga m'kansalu. Tinaziyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu la a Makutu. Poduka pake ponse ndi pakuda ndi dzimbiri, kusonyeza kuti mng'alu unali ukuyenda kale m'kati. Poyera, pamene panali patagwirabe, ndi pochepa ngati mutu wa machesi. Maringi asanu anadutsa pamutu pa abambo atalendewera pamenepo. Ndinafunsa a Makutu kuti zinatheka bwanji. Anangondipatsanso galasi lija.

Uthenga wa abambo ndi waufupi. Akuti, "Za tcheni zatha, nanenso ndinaswapo zinthu. Koma za mkazi wake, ine mbali yanga ndapepesa. Yake akapepese yekha, ndi pakamwa, osati ndi pensulo."

Kalata yanu nayonso ndi yaifupi. Ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika popinda. "Mukanandiuza, ndikanachidula ndekha ndi sowo tsiku lomwelo, n'kuwauza abambo maso ndi maso. Munandikhulupirira ndi sipanala, koma osati ndi mawu." N'zoona.

Tcheni chafika kuchokera kudoko Lachiwiri. Tachiyesa pa gudumu, chikugona m'timaenje mwakachetechete, ndipo pa makina chanyamula tani ndi theka osatalika. Ndadutsitsa mphete zonse m'zala zanga, imodziimodzi. Sindichipatsira a Mawamawa. Bwana wandipatsa masabata awiri, akuti ndikachedwa tsiku limodzi malo anga apatsa wina. Ndikwera lole ya Lachisanu.

Mwati simunaganize zobwerera, ndipo sindikukukakamizani. Ndikatsika sindiyambira kwa abambo, ndiyambira kwanu. Mukadzaona munthu waima pa mpanda ndi thumba pa phewa, musadzafulumire kumasula galu. Mudzandilole ndidzatule kaye, tchenichi n'cholemera, kenako ndidzanene zonse ndi pakamwa panga, amayi ali pomwepo.

Ndine wanu, ngati mukundifunabe,
Bambo ake a Kanyerere